Sitima ya Asewere Anga

Chotsa zala pamenepo, Limbani. Guluu sanaume, ukagwedeza mlongotiwo tiyambiranso. Khala apa pampando. Nawenso Takondwa, foniyo igoneke pansi, sithawa. Pamene tikudikira kachingwe komalizaka kuti kagwire, ndikufuna ndikuuzeni nkhani ya sitima yapamadzi ili patebuloyi, chifukwa mawa tikukaipereka kwa mwini wake ndipo mpata wina sindidzaupezanso. Ndiyankhula Chichewa. Ndikudziwa kuti mumamva, ugonthi umakugwirani pokhapokha akakutumani kutsuka mbale.

Ndiyambe ndi mawu amene munthu wa msinkhu wanga sayenera kunena pamaso pa ana. Ine agogo anu ndili ndi nsanje. Ndimachitira nsanje agogo anu enawo, bambo a bambo anu, amene inu mumawatchula Granda, ine ndimawati a Ron, asewere anga. Sindisirira nyumba yawo kapena dziko lawo lamvulali. Chimene takhala tikulimbirana ine ndi iwo zaka zonsezi ndi inu awiri, kungoti iwo sanadziwepo n'komwe kuti pali mpikisano. Ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa kwambiri.

Kwathu mdzukulu wamkazi ndi mkazi wa agogo ake, mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna mnzawo, mongocheza. Mayi anu anandiletsa kunena zimenezo pageti la sukulu, akuti ndimangidwa. Koma m'nyumba mwanga muno ndinena: iwe Takondwa unandithawa n'kupita kwa mwamuna wa sitima, iwe Limbani ndiye unamuperekeza. Komanso pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, ndiye kuti ndinu athu. Lamulo limeneli ndinabwera nalo m'sutikesi, koma kuno palibe amene amalidziwa.

Ine sindinabadwire kumadzi. Kwathu ku Dedza n'kumapiri, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimang'amba milomo. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndili ngati iwe Limbani anali a padambo pamene tinkamwetsa mbuzi, ofika m'mawondo. Sitima ndinkangoiona pa kalendala m'sitolo ya amwenye. Zoseweretsa zathu sizinkabwera m'katoni ndi munthu wa vani ngati zanuzi. Tinkaumba ng'ombe zadothi n'kuziumika padzuwa, tinkapanga magalasi a mapesi n'kumayenda ngati akalaliki a kuboma. Guluu wathu anali ulimbo, womwe uja wokolera mbalame, ndipo ukakumata m'tsitsi mankhwala ake anali lumo basi. Koma ine pamene ndinali katswiri ndi pa magalimoto a mawaya. Kumene tinkatenga mawayawo musandifunse. Matayala a zitini za polishi, zomangira za chubu cha njinga, chiwongolero chachitali chofika pamchombo. Yanga inkakhota matayala akutsogolo ndipo zitseko zake zinkatseguka. Ndikatuluka nayo, ana a mudzi wonse ankandilondola mpaka kumsika, aliyense akupempha kuti ayendetseko. Ndinazolowera kutsatidwa ndi ana ndili wamng'ono, mwina matenda anga anayambira pomwepo.

Kusema ndinaphunzira kwa atsibweni anga, amene ankasema mitondo, misi, mipini ndi zipande. Analibe tepi kapena pensulo. Ankayang'ana chipika, n'kuchizungulira, n'kulavulira m'manja, basi kasemasema wayamba ntchito. Kasemasema, iwe Takondwa, ndi kankhwangwa kakang'ono kopingasa, kosemera. Kawo kaja ndili nako, kali pansi pa masitepe apo. Nditakula ndinakhala mphunzitsi, kenako hedimasitala. Ndikalowa m'kalasi ana ankaimirira onse, ndikamaweruka ankalimbirana kundinyamulira mabuku.

Ndiye agogo anu aakazi anapeza ntchito ya unesi pachipatala cha kuno ku Newcastle, ine n'kutsatira pambuyo ndi mayi anu, Tadala, ali kamtsikana ka sitandade faifi. Ndinachoka kwa kachewere kubwera kwa kachewere, kungoti wa kuno amamudya ndi nsomba yopanda mutu. Uhedimasitala unatsala pabwalo la ndege. Ndinanyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu, kenako ndinasambitsa nkhalamba m'nyumba zosamalira okalamba mpaka nanenso kukalamba. Sindidandaula, ntchito ndi ntchito. Sitima yeniyeni ndinaiona nthawi imeneyo, tsiku lina nditasochera pa metro, sitima yapamtunda ya mumzinda muno, n'kukatsikira kufupi ndi nyanja. Inali ikutuluka mumtsinje, yaitali kuposa tchalitchi chilichonse chimene ndinapempheramo, ndipo ndinaima kukamwa kuli yasa mpaka kuchedwa kuntchito. Ndinkalakalaka mwana woti ndimuloze. Koma kwa zaka zambiri panalibe mwana ndi mmodzi yemwe wondilondola, mayi anu anali atapeza kale anzawo, ndipo ndinkadziuza kuti adzukulu akadzabwera ndidzalipsira.

A Ron ndinawaona koyamba pa chinkhoswe cha makolo anu, mu holo ya tchalitchi. Anabwera ndi suti yowathina, manja ngati makasu, akuyankhula Chingerezi chimene ine, munthu wophunzitsa Chingerezi, sindinatolepo kanthu. Perekaniperekani atayamba, anaponya zonse zimene anali nazo kamodzi n'kukhala pansi, osadziwa kuti munthu umaponya pang'onopang'ono kuti uvine nthawi yaitali. Ndinawamvera chisoni tsiku limenelo. Anali atagwira ntchito moyo wawo wonse yowotcherera zitsulo pamalo pokhomera sitima zenizeni m'mbali mwa mtsinje, ku Wallsend. Malowo atatsekedwa, mayi a kunyumba kwawo atamwalira, analowa m'kashedi kuseri kwa nyumba n'kuyamba kupanga sitima zomwezo koma zazing'ono.

Tsiku loyamba kulowa m'kashediko ndinangoima n'kumayang'ana uku ndi uku. Inu munakulira mmenemo, mumaona ngati n'zachibadwa. Ine ndinaona sitima pa mashelefu, ina yokoka zinzake, ina ya asodzi, ina yankhondo, iliyonse yotalika ngati mkono wanga, koma ili ndi zonse: makwerero, nangula, timawindo, ngakhale tindowa. Anandifotokozera kuti sapanga za m'maloto. Amatenga pulani ya sitima yeniyeni n'kuchepetsa chilichonse ndi muyeso umodzi, moti chitseko chikachepa, nayenso munthu wolowapo akhale wotalika ngati chala changa chaching'onochi. Amayamba ndi msana, n'kuimika nthiti, kenako timatabwa topyapyala amativiika m'madzi otentha kuti tipindike, n'kumamata kamodzikamodzi. Ndinayamikira, ndipo nthawi imeneyo kuyamika kwanga kunali koona, chifukwa inu munali musanabadwe.

Mutabadwa, masiku anagawidwa osandifunsa. Loweruka kwa Granda, Lamlungu kwa agogo. Taganizani nokha. Loweruka ndiye kashedi, penti m'zala, dziwe la kupaki, rimoti m'manja, sitima ikuyenda yokha pamadzi, pobwerera ayisikilimu. Lamlungu ndiye nsapato zothina, mapemphero otalika mpaka mimba kulira, kenako kuno: gwada, pereka moni, landira ndi manja awiri, usayang'ane akulu m'maso. Ine ndinkakuphunzitsani ulemu, iwo ankakupatsani bulashi. Mukafika kwa iwo munkathamanga n'kuwadumphira m'khosi, iwe Limbani mpaka kuwamenya pa dazi. Mukafika kwa ine munkaima pakhomo ngati mwaitanidwa ku ofesi ya hedimasitala. Ndinakuumbani choncho ndekha, koma zinkandipweteka.

Tsiku lina tikudya, iwe Takondwa mano akutsogolo atagweluka, unayamba kulongosola za sitima ya Granda yoyaka magetsi, mpunga ukugwa m'kamwa. Kenako unandiyang'ana n'kufunsa, osaganiza choipa chilichonse, "Agogo, can you make anything?" Agogo anu aakazi anaseka mpaka kutsamwa. Anati, "Muyankheni mwana, bambo a Tadala. Pali chimene mumatha kupanga kupatula phokoso?" Ine sindinaseke. Ine amene mudzi wonse unkandilondola. Ndinati mumtima, ukaipa dziwa nyimbo. Ngati ana awa amakopeka ndi sitima, ndiwapangira sitima imene mzungu uyu sanaionepo.

Chaka chomwecho tinapita kumudzi kukaika maliro a achimwene anga. Pobwerera ndinaima pamsewu pa anthu osema ziboliboli, n'kugula chipika cha phingo. Phingo ndi mtengo wa ulemu wake, wakuda bii ngati makala, wosalala ukaupukuta, chiswe chimangonunkhiza n'kubwerera. A Ron amapangira timitengo topepuka ngati mapesi, toti ukhoza kutiboola ndi chikhadabo. Ndinati adzukulu anga sindingawapangire chinthu cha mapesi. Koma kulemera kwake. Pa sikelo ya pabwalo la ndege sutikesi inapitirira, ndipo ndinatulutsa usipa, nyemba ndi ufa wa agogo anu aakazi n'kupatsa mlamu wanga amene anatiperekeza. Kuchokera ku Lilongwe mpaka kuno agogo anu sanandiyankhule, ngakhale pamene ndege inkagwedezeka.

Ndinasema nyengo yonse yachisanu, pakhonde lakuseri, nditavala majekete awiri, zala zitauma gwa. Pulani ndinalibe. Ndinati pulani n'za anthu opanda maso, atsibweni anga sankaifuna. Phingo ndi wolimba, kasemasema ankachita kudumpha, tchizulo mpaka inathyoka. M'kati ndinakumba pang'ono chabe, makoma ndinawasiya okhuthala kuopa kuti angang'aluke. Pamwamba ndinasema kanyumba ka woyendetsa, chumuni ndi timipando. Kenako sandipepa, kenako polishi ya nsapato, kupukuta mpaka kudziona nkhope. Mukabwera Lamlungu ndinkaibisa. Agogo anu aakazi anainyamula tsiku lina, n'kuibweza pansi msanga. Anati, "Bambo a Tadala, ichi ndi sitima kapena mwala wa mphero? Bwanji muchiyese kaye m'bafa?" Ndinawayankha kuti ine ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, mwala umamira, mtengo umayandama, mwana aliyense wa sitandade folo amadziwa. Ndinatinso sitima zenizeni za a Ron zinali zachitsulo koma sizinkamira, nanga mtengo ungamire bwanji. Ndipo m'bafa mosambira litsiro sindingaikemo mphatso ya adzukulu. Iwo anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kutenga chikwama kupita ku shifiti.

Ndinasankha Loweruka lina la dzuwa. Ndinavala suti ndi tayi, sitima ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera basi kenako metro, mapewa akuwawa. Padziwe panali madala a kagulu ka a Ron koyendetsa tisitima, ndi mipando yawo yopinda ndi mafulasiki a tiyi, aliyense rimoti pamimba. Inu munali pambali pa Granda wanu monga mwa masiku onse. Ndinayala chitenje pa udzu n'kuvundukula. Madala onse anasiya marimoti. Wina anaimba mluzu. Sitima yanga inkanyezimira padzuwa, zawo zapenti zija n'kuoneka ngati zitini. Ndiye iwe Takondwa unagwada, unaisisita ndi dzanja, n'kunena wekha, popanda wokuuza, "Yokongola, agogo." M'Chichewa. Ndinali ndisanakumvepo ukuyankhula Chichewa popanda kukukakamiza. Limbani unasiya dzanja la Granda n'kugwira thalauza langa. Chibwerere m'dziko lino ndinali ndisanamvepo kukoma ngati kumeneko.

A Ron anainyamula, n'kuiyeza m'manja, nkhope n'kusintha. Anayamba kufunsa ngati ndinaiyesapo pamadzi. Ine mumtima ndinati, taonani kaduka, mwini dziwe waona kuti walandidwa ufumu. Ndinaitenga m'manja mwawo mwaulemu, ndinawerama, n'kuiika pamadzi, n'kuikankha pang'ono. Inayenda ngati kuchokera pano kufika pachitseko apo. Kenako inapendekera kumanzere, madzi analowa, mphuno inaloza kumwamba, n'kupita. Panatsala thovu. Iwe Limbani unawomba m'manja n'kukuwa kuti "Again, again," unkaona ngati ndi mmene imasewerera. Takondwa unalira. Ine ndinaima ndi tayi wanga, osadziwa poika maso.

Akanaseka a Ron bwenzi zili bwino. Ndikanawada n'kupeza mtendere. Koma anavala jombo zawo zazitali zofika m'chiuno, analowa m'madzi ozizira aja, anafufuza ndi mwendo m'matope, n'kuitulutsa. Anaipukuta ndi juzi yawo. Anandiuza kuti iwo sangathe kusema chotere popanda pulani ngakhale atayesa mpaka imfa, ndipo mtengo wotere anangoumvapo, sanaugwirepo. Ankausisita ngati kamwana ka mbuzi. Ndipo pamenepo, chifukwa cha manyazi, komanso pofuna kuti ndichoke ndi kaulemu pang'ono pamaso panu, ndinanena mawu amene ndinaleredwa nawo. Ndinati, "Ngati mwaikonda, asewere, tengani. Ndi yanu."

Mvetsani bwino apa, chifukwa inu ndinu ana a kuno. Kwathu munthu akamadutsa iwe ukudya, umati, "Tiyeni tidye." Iye amati, "Zikomo, ndakhuta," ngakhale njala ikumupotokola, n'kupitirira. Mnzako akayamikira chipewa chako umati, "Tengani," iye amati, "Ayi, chikukhalani inuyo." Iwe ukakamiza, iye akananso. Chipewa chimatsala pamutu pako, ndipo nonse awiri mwalemekezana. Ine ndinkadikira kuti a Ron akane. Ndinali nditakonzeka kale kukakamiza kachiwiri, kenako n'kuvomera kugonja. Iwo anandiyang'ana misozi ili lengelenge, anafunsa kamodzi kokha ngati ndikunenetsa. Nanga munthu unganene kuti ayi, ndimangocheza? Ndinagwedeza mutu. Anandigwira chanza mpaka mafupa kulira, sitima yanga n'kuikwapatira. Ndinabwerera pa metro ndi chitenje chopanda kanthu, inu munapita kukadya ayisikilimu.

Patapita milungu ingapo anandiitana kuti ndikaone chinachake. Ndinapita ndi mtima wofewa. Ndinkaganiza kuti ndikaipeza pa shelefu yapamwamba, pamalo poti inu mukamalowa muziiona n'kumati iyi ndi ya agogo. Pa shelefu panalibe. Anatsegula kachitini ka mabisiketi, n'kundionetsa tinthu takuda ting'onoting'ono ngati nandolo, tambirimbiri, kalikonse ndi timabowo. Sitima yanga ija anali ataidula ndi sowo. Anati akuyamba sitima yaikulu ya moyo wawo, ya matanga, yonyamula malasha, yonga imene agogo awo ankagwiramo ntchito, ndipo sitima ya matanga imafuna timawilo todutsitsa zingwe. Mtengo wamba umang'aluka ukauboola kabowo kakang'ono, koma phingo sang'aluka. Anali osangalala ngati mwana. Ankaona ngati andipatsa ulemu waukulu.

Sewere sukangana naye. Ndinati, "Zakhala bwino kwambiri." Ndinamwa tiyi wawo, ndinatsanzika. Kunyumba ndinakana chakudya. Agogo anu aakazi, m'malo mondipepesa, anati, "Munapereka nokha ndi pakamwa panu. Mumafuna mzungu alote?" Taona apa, Limbani, timawilo takuda iti, m'mbali monsemu mpaka kumwamba kwa mlongoti. Granda anakuuzani kuti mtengo wake unachokera kwa ine, koma sanakuuzeni kuti sindinkafuna, chifukwa mpaka lero sadziwa. Imeneyi ndiye sitima ya agogo ako a ku Dedza, pamodzi ndi usipa wa agogo ako aakazi.

Kuyambira pamenepo kudziwe sindinapondekonso. Zaka zinapita, sitima ya malasha ikukula, ine ndikuimva m'kamwa mwanu Lamlungu lililonse. Dzulo tamata nthiti, dzulo Granda wandilola kupenta, dzulo tasoka thanga. Ndinkati, "Ehe, zabwino," mtima ukuwira. Ndinayesa kukukopani ndi zina. Ndinapanga galimoto ya mawaya, iwe Limbani unaiyendetsa kamodzi pa kapeti n'kufunsa polowetsa batire. Ndinayesa bawo, Takondwa unati njere zake zachuluka. Kutchalitchi ikafika nthawi yopempherera anthu ansanje ndinkati ameni mokweza, ndikudziwa bwino amene akunenedwa.

Ndiye chaka chatha sitiroko inawagwetsa a Ron m'kashedi momwemo. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsala ochepa. Musaganize kuti ndinakondwera, nsanje yanga siifika pamenepo. Ndasambitsa anthu ambiri otere, ndikudziwa chimene chimatsala munthu wa manja akalandidwa manja. Atawasamutsira kunyumba yosamalira okalamba ndinayamba kupita ndi lumo langa kukawameta ndevu, chifukwa ntchito imeneyo ndimaidziwa. Tsiku lina ndili mkati mometa, anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamanzere. Anatembenuza chikhatho changa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Analimbana ndi lilime mpaka thukuta, n'kutulutsa liwu limodzi: "Finish." Ndinamva, ankati ndimalize sitima. Sabata yomweyo bambo anu anaibweretsa pampando wakumbuyo wa galimoto, ataimanga lamba ngati munthu, milongoti ili chilili koma zingwe zisanamangidwe ndi theka lomwe.

Loweruka lotsatira kunabwera alendo pakhomo. Kutsegula, ndi inu, opanda nsapato zothina, opanda wokukakamizani. Chimene ndinachilira zaka zonse chinabwera chokha, koma chinabwera kutsatira sitima ya munthu wina. Ndipo simunandilole kuti ndiiwale. Ndikagwira ulusi, mwayamba ndi Chingerezi chanu cha m'mphuno, akuti Granda samanga choncho. Ndikatenga guluu, akuti Granda amaika pang'ono, ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ine hedimasitala kuphunzitsidwa ndi ana, maphunziro akenso a mnzanga wolimbirana naye. Ndinameza. Ndinagula magalasi okulitsa zinthu, ndinabwereka kachitsulo kopanira ka agogo anu aakazi, ndinaphunzira kuwerenga pulani imene ndinkainyoza ija.

Ndipo nsanje inakula m'malo mochepa. Tsiku lina ndinawalitsa tochi pa kawindo ka kumbuyoku. M'kati, momwe munthu sadzaonamo, muli kachitofu, kabedi kofunda bulangeti, ndi kaketulo pa mbedza. Anazipanga n'kuzitsekera. Munthu uyu amandiposa, ndipo ndikunena ndekha ndi pakamwa panga. Ngakhale pano, ali pa njinga ya olumala, malovu akutsika, tikapita kukawaona mumathamanga. Takondwa umawapsompsona pa dazi, Limbani umakwera pabedi pawo nsapato zili kuphazi, ndipo palibe amene amakukalipira. Ine ndimatsala pafupi ndi chitseko, majekete anu ali m'manja.

Sitima iyi ikanatha kale chisanu chisanathe. Mukukumbuka ndinkakuuzani kuti guluu uyu amafuna sabata yathunthu kuti agwire, ndiye tizimanga kachingwe kamodzi kapena tiwiri basi pa Loweruka? Iwe Takondwa usandiyang'ane choncho, ndikudziwa unawerenga pabotolo kalekale. Amauma munthu usanamalize kapu ya tiyi. Ndinkanama, ndipo sindikupepesa. Chingwe chilichonse chinali Loweruka langa. Ndikanapitiriza mpaka iwe Limbani utamera ndevu, koma sabata yatha titapita kukameta a Ron ndinaona kuti aonda, kolala ya shati ikungozungulira khosi. Agogo anu aakazi, amene aona odwala ambiri kuposa ine, anandiuza m'basi pobwerera, "Bambo a Tadala, malizani sitima ya eni ake. Mukachedwa mudzaipereka kwa yani?" Ulendo uno ndinawamvera. N'chifukwa chake lero tamanga zingwe zonse zotsala mpaka misana kuwawa.

Tagwira tsopano, Limbani, ndi chala chimodzi. Waona, kagwira. Yatha.

Mawa tikatuluka m'tchalitchi tidzakwera galimoto ya bambo anu, ine ndidzaikhazika pamiyendo. Tikafika mudzathamanga monga mwa nthawi zonse, ndipo thamangani, musadzabwerere m'mbuyo chifukwa cha zimene ndanena lero. Ndi agogo anu, amakukondani, ndipo masiku awo ndi ochepa. Adzalira, mudzawakumbatira, mayi anu adzajambula zithunzi. Sitimayo ndidzaiika bwinobwino pawindo, pamene angaione ali chigonere. Nthawi imeneyo musadzandiyang'ane kumaso, sikudzakhala kooneka bwino.

Koma Loweruka likubwerali patebulo pano padzakhala popanda kanthu. Kulibe chomata, kulibe chopenta, ndipo ina sindiyamba, zokolera ana ndi nyambo zandikwana. Usandiyankhe pano, Takondwa, tseka pakamwa, yankho la pamaso pa munthu wamkulu ndimalidziwa. Chimene mungadzapeze kuno ndi nkhalamba yansanje, yoyankhula Chichewa chokhachokha, yosatha kupanga chinthu choyandama. Ndidzakhala pampando uwu kuyambira m'mawa, ndipo belu likalira ndidzalimva.